Makutu a Bulu wa Zenzo

Kwathu kuno ku Kezi mwana aliyense amakula akudziwa zinthu ziwiri: kuti mitambo ndi yabodza, ndiponso kuti Zenzo Mpala anagulitsa Lameki Sibindi kwa asilikali. Za mitambozo munthu amadzionera yekha chaka ndi chaka. Za Zenzozi amachita kumva, koma amamva kwa akatswiri osimba, moti pomvetsera umachita ngati chala cholozacho ukuchiona ndi maso ako. Amati analoza nyumba ya Lameki dzuwa likuswa mtengo, kutacha Lameki osaonekanso, ndipo mafupa ake ali pansi pa mgodi wakale uja umene ngakhale mbuzi zimaulambalala. Amatinso misala ya Zenzo si matenda a kuchipatala ayi, ndi Lameki amene anamukhala pamutu kulonjerera magazi ake. Ineyo nkhaniyi ndinkaikhulupirira mwa apo ndi apo, makamaka Zenzo akachedwetsa zingwe za abulu anga. Akazisoka msanga ndinkati anthu ndi oipa pakamwa.

Zenzo ndi msoki wa zingwe zokokera ngolo. Amazidula ku matayala akutha n'kuzisoka ndi waya, atakhala pansi pa mtengo wa tsanya kuseri kwa khola lake, kumene odutsa mumsewu sangamuone. Ndi munthu wamtali, wowonda, woyenda choweramira pansi ngati akufunafuna singano imene inagwa kalekale. Ukamupatsa moni amayankha nsapato zako.

Bambo ake anali Mndebele wa konkuno, koma mkazi anakamutenga kum'mawa, kwa Ashona, nthawi imene ankagwira ntchito ya njanji. Choncho Zenzo anayamwa zilankhulo ziwiri, pabwalo Chindebele, kukhitchini Chishona. Tili ana kubusa tinkamusirira. Tinkamupatsa masau kuti atitukwane m'chilankhulo cha amayi ake, iye n'kumatitukwanadi mpaka kwa agogo athu, ife tikuomba m'manja.

Kenako kunabwera nthawi ija. Kwathu sitiitchula dzina, timangoti nthawi ija, ndipo aliyense amaleka kutafuna. Masitolo anatsekedwa, mabasi analeka kuyenda, anthu tinkadya zipatso zam'tchire ngati anyani. Asilikali a zipewa zofiira ankatisonkhanitsa pabwalo la sukulu, padzuwa, kuyambira akhanda mpaka oyendera ndodo. Iwowo Chindebele sankachidziwa, mwinanso sankachifuna, pomwe nkhalamba zathu Chishona osamva ngakhale moni. Ndiye wina, amene mpaka lero sanadziulule, anati pano pali mwana wa mayi wa kwanu. Anamukoka Zenzo m'gulumo, ndevu zikungoyamba kumera, n'kumuimika pambali pa mkulu wawo.

Taonani tsono mmene tsoka limasankhira munthu. Msilikali akalankhula, ife tinkangomva phokoso ngati kuuwa kwa galu wa kutsidya. Mawu enieni, omveka, olowa m'khutu n'kukhazikika, ankatuluka m'kamwa mwa Zenzo. “Gonani chafufumimba.” Ndi Zenzo ameneyo. “Imbani mokweza, vinani.” Ndi Zenzo. “Iwe, tenga ndodo iyo umenye bambo ako.” Ndi Zenzonso. Asilikali aja anabwerera kwawo ndi nkhope zawo, tinaziiwala. Zenzo anatsala ndi pakamwa pake, tikukumana naye kudibi, kuchigayo ndi kumaliro.

Lameki Sibindi anali mnzake wa Zenzo, mnyamata wa wailesi paphewa ndi pakamwa posatseka, wodziwa ndale za dziko lonse atakhala pakhonde la sitolo. Anali atangokwatira MaTshuma, ndipo MaTshumayo anali ndi pakati. Tsiku lina pabwalo paja mkulu wa asilikali anafunsa Zenzo kanthu motsitsa mawu, Zenzo n'kutambasula dzanja kuloza chakumpoto. Kumpotoko kuli mjigo, kuli njira ya kuphiri, kulinso nyumba ya Lameki. Kutacha Lameki anauza mkazi wake kuti akukaona ng'ombe, ndipo kupita kwake kunali komweko. Anthu anaphatikiza chala ndi kusowako, nkhani n'kubadwa ili ndi mano kale.

Nkhondo itazizira, Zenzo analumbira mumtima kuti Chishona sichidzatulukanso m'kamwa mwake. Analumbira molimba kwambiri moti amayi ake atagona pamphasa, akupempha madzi m'chilankhulo chimene anamuyamwitsa nacho, iye ankawayankha m'Chindebele ngati mlendo. Madziwo ankawapatsa, koma mawu ayi. Mayiwo anamwalira akumuyang'ana pakamwa.

Maliro atangotha, mutu wa Zenzo unamasuka. Tinamupeza m'mawa ataima pachulu, akulamula mbuzi m'Chishona kuti zigone chafufumimba, akuimba nyimbo zomwe zija tinkaimbitsidwa pasukulu. Amayi ena atamva anathawira kuthengo ndi ana kumbuyo, poganiza kuti zayambiranso. Tinamumanga ndi zingwe zosoka yekha, ndipo ndikuuzeni, zingwe za Zenzo siziduka. Ali m'ngolo kupita kokwerera basi ya ku Bulawayo anakuwa zambiri. Anakuwa kuti Lameki ali moyo, kuti anamva asilikali akutchula dzina la Lamekiyo pocheza okhaokha, ndipo iye anamubisa pansi pa udzu m'ngolo masanasana n'kukamutsitsa kumtsinje wa Shashe, kumalire a dziko. Koma anakuwanso kuti nkhuku zanyamula mfuti ndiponso kuti amayi ake alowa m'wailesi. Ndiye inu mukanatola ziti? Akale anati wamisala anaona nkhondo. Mwambiwo timaudziwa tonse, koma timaunena tikakhuta, wamisalayo kulibe.

Anabwerako kuchipatalako patapita nyengo, atafatsa ngati ng'ombe yofulidwa, ali ndi mapilitsi m'kachitini ka fodya ndi lamulo lokabayitsa jakisoni mwezi ndi mwezi. Mankhwalawo ali ndi mtengo wake. Amanjenjemeretsa manja, amalemeretsa lilime, ndipo m'mawa munthu amadzuka ngati wagona pansi pa thumba la mchenga. Akawaleka, mawu amabwerera. Choncho Zenzo wakhala moyo wake wonse pakati pa kunjenjemera ndi kukuwa, ndipo nthawi zambiri amasankha kunjenjemera. Popita kuchipatala sadzera mumsewu wa pamasitolo. Amazungulira kuseri kwa phiri, kudzera m'minga, kuopa ana asukulu amene amaima njo ngati asilikali n'kumukuwiza kuti, “Komanda! Tigone, Komanda?”

Anakwatira mochedwa, anzake ana ali kusekondale. Mkaziyo, MaNyathi, anali wamasiye wochokera ku Gwanda, wamfupi ndi wosaopa munthu. Abale ake atamuchenjeza anati, “Wamisala womwa mankhwala aposa wanzeru womwa mowa. Wanzeruyo ndinali naye kale, ndinamuika ndekha m'manda.” Anabereka mwana mmodzi, wamkazi, dzina lake Ntando, ndipo kuyambira apo Zenzo anasanduka SekaNtando, mkazi wake NakaNtando, kutanthauza bambo a Ntando ndi mayi a Ntando, monga tichitira kuno.

Matenda a mtundu uwu amaphunzitsa munthu nzeru zake. Zenzo mawu amawamvabe mwa apo ndi apo, ngakhale akumwa mankhwala, ndipo nthawi zina amaona anthu amene palibe. Ndiye anapeza njira. Posoka amamangirira bulu wake pamtengo womwewo. Wina akamuitana, iye sayamba wacheuka, amayamba wayang'ana makutu a bulu. Makutu akatembenukira kumene kwachokera mawuko, ndiye kuti ndi munthu, ayankhe. Bulu akamangodya udzu osasamala, ndiye kuti ndi za m'mutu, asoke zingwe zake. Buluyo anamutcha Dokotala. Dokotala woyamba atafa, mwana wake analowa ntchito ndi dzina lomwelo, osafunsidwa za sukulu.

Lameki ankabwera kawirikawiri pansi pa tsanyapo, wowonda, wachinyamata, udzu uli m'tsitsi, n'kumafunsa kuti, “Tafika kumtsinje?” Dokotala osagwedeza khutu ngakhale limodzi.

Tsiku lina akudya, Zenzo anaika chikho cha chambiko pansi n'kufunsa mkazi wake.

“NakaNtando, kodi munthu ndi wa chilankhulo chimene amalonjera nacho anthu, kapena chimene amalota nacho?”

“Mwayambatu. Mapilitsi mwamwa?”

“Ndamwa. Ndikufunsa zenizeni. Kutulo amayi amandiimbira nyimbo yogonekera mwana, ndikamvetsetsa mawu ake ndi omwe aja a mkulu wa zipewa zofiira. Chilankhulo chimodzi chomwecho chinandisisita, chomwechonso chinathyola anthu nthiti. Ndikachilankhula ndine mdani wa bambo anga. Ndikachikana ndine mdani wa amayi. Ndiye ineyo ndine wa kuti?”

“Ndinu wa pakhomo pano, ndipo denga la khitchini likudontha. Idyani.”

Za Lameki anayesapo kunena ali bwinobwino, kamodzi kokha. Anakumana ndi MaTshuma pamjigo, navula chipewa, nanena zonse za udzu ndi mtsinje. MaTshuma anamumvetsera mpaka kumapeto, ndowa ikusefukira.

“Ngati ali moyo, SekaNtando, ali ndi miyendo. Ali kuti?”

Zenzo anavala chipewa n'kumapita. Zaka zinapita, anthu othawa nthawi ija anabwerera, ena anatumiza mabulangete, ena anabwera m'mabokosi, koma Lameki zii. Ndipo chaka chilichonse chimene chinkadutsa chinkaima kumbali ya MaTshuma. Mapeto ake Zenzo anayamba kudzikayikira yekha. Nkhuku za mfuti zija anaziona bwinobwino, mpaka mtundu wa nthenga. Ngolo ya udzu ijanso amaiona bwinobwino chimodzimodzi. Nanga ngati mutu wake unapeka ngoloyo kuti ubise chala? Pabwalo paja anafunsidwa za madzi kapena za munthu? Akatseka maso ankaona dzanja lake litatambasuka, koma funso osalikumbuka. Manyazi aakulu a Zenzo anali amenewa, kuti mlandu wake womwe ankachita kuumva kwa anthu, ndipo analibe mboni ngakhale m'mutu mwake.

Zikanatha choncho, munthu n'kukalamba n'kufa ndi mbiri yake, pakanapanda mjigo wa kwa Mpala kuwonongeka. Wokonza mijigo kuno ndi Mbuso, mwana uja anali m'mimba mwa MaTshuma, munthu wofatsa amene anakula akuitana chithunzi kuti bambo. Anabwera kudzakonza mjigo, napeza Ntando akudikira ndi ndowa. Mjigowo unayamba kuwonongeka sabata ndi sabata, mpaka ife a maso tinadziwa kuti vuto si mpope.

Nkhani za ukwati kwathu zimayenda ndi nkhoswe, koma MaTshuma sanadikire nkhoswe. Anabwera yekha, bulangete lili paphewa, nakhala pa tayala pansi pa tsanya. Zenzo anayang'ana Dokotala. Makutu onse awiri anali ataloza mlendoyo.

“Mwaswera, SekaNtando?”

“Taswera, MaTshuma, kaya inu.”

“Ife tikuswerabe, kudikira munthu amene anapita kukaona ng'ombe.” Anakonza bulangete lake. “Mwana wanga akufuna mwana wanu. Ndaletsa, ndatopa, mutu ndi wa bambo ake. Mtsikanayo ndilibe naye mlandu. Koma sangalowe pakhomo pamene mwini wake akugona kuthengo. Ana akadzadwala tidzapepesa kwa yani?”

“Ndiye mukuti titani?”

“Tikumba dzenje. Tiikamo mutu wa mbuzi ndi jekete lake, monga achitira ena amene mafupa sanawapeze, kenako timuitane abwere kunyumba. Koma mzimu subwera wouthamangitsa ali chete. Inu mudzaime kumutu kwa dzenjelo, anthu onse alipo, munene ndi pakamwa panu kuti ndine ndinaloza. M'Chindebele, SekaNtando, osati zanu zija. Mukatero mwana wanu alowa.”

Waya unagwa m'manja mwa Zenzo.

“Ng'ombe za chipepeso sindikufuna,” anatero MaTshuma akudzuka. “Ndikufuna mawu basi. Nthawi ija mawu munali nawo ambiri.”

Ntando anamva zonse ali kuseri kwa khola. Mlendo atapita anabwera n'kugwada pafupi ndi bambo ake, maso ali psuu.

“Baba, musakanene chinthu chimene simunachite.”

“Ukudziwa bwanji kuti sindinachite?”

“Ndimakudziwani.”

“Wandiposa, mwanawe. Ine mwini wake sindidzidziwa.”

“Amuna ndi ambiri, Baba. Mijigo ikhoza kukonzedwa ndi wina.”

“Usandinamize, ndimakuona ukamva njinga ya Mbuso. Tamvera. Mudzi wonse ukuti ndinaloza. Mbali inayi kuli ine ndekha, munthu amene anaona nkhuku zili ndi mfuti. Iwe ukanakhala woweruza ukanamvera yani?” Anatola waya uja. “Unakula ukutchedwa mwana wa Komanda. Sindinakupatse kanthu. Ichi chokha ndingathe.”

MaNyathi anakalipa masiku angapo, mpaka kuopseza kuti abwerera ku Gwanda, koma Zenzo akagwira chinthu amagwira ngati zingwe zake. Anatumiza mawu kwa MaTshuma kuti adzaima. Tsiku linaikidwa m'nyengo yachisanu, zokolola zitalowa, mitengo isanaphuke. Anaviika chimera, anasankha mbuzi yakuda. Ndipo poti mwambo wotere sachita mobisa m'bale aliyense, uthenga anaupatsira amalayitsha, anyamata aja onyamula katundu wa anthu pakati pa kuno ndi Joni, kuti aliyense wa magazi a Sibindi, kulikonse kumene ali, amve kuti Lameki akuikidwa.

Zenzo anayamba kuloweza mawu ake. Ankawanena chamumtima posoka, ndine ndinaloza, ndine ndinaloza, kuti lilime lizolowere. Mantha ake anali amodzi, kuti akadzaima pamaso pa anthu mutu ungadzamasuke, Chishona n'kutuluka, mwambo n'kuwonongeka, Ntando n'kutsala. Mapilitsi ankawamwa pa nthawi yake ngati mgonero wa kutchalitchi.

Kutatsala tsiku limodzi, anyamata a kwa Sibindi anabwera m'mawa kudzabwereka ngolo ndi Dokotala kuti akatute miyala ya pamanda. Akanakana bwanji? Anatsala yekha pansi pa tsanya, chingwe cha bulu chili lende pamtengo.

Dzuwa lili pamutu anamva mapazi, kenako mawu.

“Zenzo. Mpala. Ndine.”

Anayang'ana pamtengo. Panalibe makutu oti awafunse. Anaponya diso pang'ono chammbali n'kuona nsapato zoyera, mimba yaikulu, jekete lachikopa, pamwamba pake dazi lonyezimira thukuta. Koma maso ndi mpata wa mano zinali za Lameki. Kodi matendawa nawonso amakalamba? Zaka zonsezi amabwera wowonda ndi udzu m'tsitsi, lero wasankha kubwera atanenepa, lero lenileni? Anawerama n'kupitiriza kusoka. Anesi anamuuza kalekale kuti za m'mutu saziyankha, ukaziyankha zimakhala pansi.

Izi zinakhala pansi zosayankhidwa, tayala mpaka kulira.

“Usandiyang'ane choncho, mnzanga,” chinatero chinthucho, ngakhale Zenzo sankachiyang'ana. Chinkalankhula Chizulu cha ku Joni, chofanana ndi chathu koma chodzera m'mphuno. “Ndikudziwa ndinalakwa. Poyamba ndinkaopa asilikali. Kenako ndinkaopa apolisi a kumeneko, ndinagula dzina lina. Kenako ndinakwatira. Kumeneko ndine Mzulu, Zenzo, ana anga sadziwa kuti kunja kuno kuli Kezi. Mkazi wanga akamati obwera ndi akuba, ine ndimavomereza. Ndikanabwera bwanji? Chaka chino, chaka chamawa, mpaka manyazi anakula kuposa njira.”

Zenzo anaboola tayala, nalowetsa waya, nakoka.

“Msuweni wanga mmodzi yekha ndiye amadziwa. Ndiye wandiuza kuti mawa mukundiika. Chimvereni sindigona. Taona mwendowu, watupa kale, dzenje lisanathe n'komwe! Ukudziwa iwe, akakwirira mutuwo n'kuitana dzina langa, mzimu uchoka kumene uli n'kubwera. Nanga panopa uli kuti? Si uli muno?” Chinadzimenya pachifuwa. “Mundipha, anthu inu.”

Zenzo anatulutsa kachitini ka fodya, natenga pilitsi, nalimeza louma ngakhale nthawi yake inali isanakwane.

“Eya, zomwezo,” chinatero chinthucho, chikusendera pafupi. “Tamvera nzeru yanga. Kwa MaTshuma sindingapite, angandidye wamoyo. Malayitsha wanditsitsira kuseri kwa phiri, palibe wandiona. Iweyo mawa udwale. Ukaime padzenjepo, uyambe zako zija za Chishona, ugwe pansi, uchite thovu. Mwambo uima. Adabwa ndani? Aliyense akudziwa kuti ndiwe wamisala. Ine ndibwerera mwakachetechete, ndikakutumizira njinga yatsopano. Unandipulumutsa kale, mnzanga, ndipulumutsenso.”

Apa misozi inayamba kugwera pa tayala. Zenzo anaona kuti matenda ake achenjera. Kale ankamuopseza ndi nkhuku, lero akumuuza chinthu chokhacho chimene mtima wake unkalakalaka kumva, kuti sanaloze, kuti asakaime. Ndipo akumutuma kukachita chomwe chija ankachiopa. Anatseka maso, ndipo kwa nthawi yoyamba ali maso, osakuwa, osamangidwa, anaitana amayi ake motsitsa m'chilankhulo chawo kuti amugwire mutu mpaka mawa lidutse.

“Baba, mpaka mlendo kumukhazika padzuwa osandiitana?”

Anatsegula maso. Ntando anali atagwada patsogolo pake ndi mbale, pambalepo makapu a mahewu. Zenzo anawayang'anitsitsa makapuwo. Anali awiri.

“Mlendo uti?”

“Aa, Baba. Awa a nsapato zoyerawa.”

“Ukuwaona?”

“Thupi lonseli ndingalephere kuliona?”

“Kumutu ali ndi chiyani? Udzu?”

Ntando anabisa kuseka ndi dzanja. “Pepani bambo, musatimvere. Alibe kanthu, Baba, ndi dazi.”

Zenzo anaika zida zake pansi bwinobwino, chimodzichimodzi. Anatambasula dzanja n'kukhudza bondo la mlendoyo. Linali lofunda, lofewa ngati buledi. Kenako anagwira pamkono. Manja a Zenzo amanjenjemera, inde, koma ndi manja okoka matayala a malole.

“Iwe, ukundipweteka! Tikupita kuti?”

“Unapita pansi pa udzu,” anatero Zenzo. “Ubwerera poyera.”

Anadzera mumsewu wa pamasitolo, umene Zenzo anali asanaupondemo masana chibwerereni ku Bulawayo. Wowonda patsogolo, wonenepa pambuyo akutsimphina ndi kuchonderera, Ntando kumapeto mbale ya mahewu idakali m'manja. Ana asukulu anatsegula pakamwa kuti akuwe za Komanda, koma ataona nkhope ya Zenzo anangotsatira mwakachetechete.

Kwa Sibindi anyamata anali m'dzenje mpaka m'chiuno, ife akuluakulu titakhala pamthunzi kuwalangiza kakumbidwe ndi kulawa ngati mowa wapsa. Dokotala anali ataima ndi ngolo ya miyala, ndipo ndi iye anayamba kutembenuza makutu. Zenzo anadutsa pakati pathu osapereka moni, nakaimika katundu wake pakhomo la khitchini, pamene MaTshuma ankasefa mowa.

MaTshuma anayang'ana nsapato, anayang'ana mimba, anafika pa mpata wa mano. Chosefera chinakhalabe m'manja mwake, mowa ukudontha pa mapazi ake. Mbuzi yakuda inkalira pachikhomo.

“Ng'ombe zija mwazipeza?” anafunsa.

Lameki anagwada, mawondo kuchita kulira, nayamba kufotokoza za udzu, za mtsinje wa Shashe, za dzina logula, zonse m'Chizulu chake cha m'mphuno. Mbuso anatuluka m'dzenje dothi lili m'mutu, naima poteropo kuyang'ana bambo amene ankawakumbira. Sanapereke dzanja. MaTshuma sanamvetsere mpaka kumapeto. Anatembenukira kwa Zenzo, koma maso ake anakafika pa nsapato za Zenzo n'kuima pomwepo, monga Zenzoyo wakhala akuchitira ndi ife zaka zonsezi.

“SekaNtando,” anatero. Anayesanso. “SekaNtando.” Mawu ena anakana. Kenako anati, “Mwanayo abwere. Nkhoswe ifika kwanu.”

Tinkayesa Zenzo aseka, kapena atitukwana monga ankachitira kubusa, ndipo tikanalandira. Koma iye anavula chipewa, napita kumutu kwa dzenje lija, pamalo pomwe anauzidwa kuti adzaime.

“Poti mwasonkhana kale,” anatero m'Chindebele chomveka bwino, “kugona chafufumimba kuja ndinanena ndine. Ndodo zija ndinatchula ndine. Chimenecho sindikana, ndipo ndimachimva tsiku lililonse.”

Aliyense anapeza chochita ndi maso ake, wina kuyang'ana m'chikho, wina kuchotsa minga m'nsapato. Pagulupo panali anthu amene anaphunzitsa ana awo mawu akuti Komanda, ndipo mwina panalinso uja anati pano pali mwana wa mayi wa kwanu. Zenzo anadikira pang'ono, navala chipewa, namasula Dokotala wake n'kumapita, atawerama monga kale.

Dzenje analikwirira lopanda kanthu madzulo omwewo, okwirirawo osayang'anana. Mbuzi yakuda inafabe, koma inafera ankhoswe. Ntando analowa kwa Sibindi mvula isanagwe, ndipo mijigo ya kuno inaleka kuwonongeka pafupipafupi. Zenzo jakisoni akubayitsabe mwezi ndi mwezi, manja akunjenjemerabe, ndipo mutu ukamasuka Chishona chimatulukabe. Mnyamata wa udzu m'tsitsi uja akuti amabwerabe pansi pa tsanya kudzafunsa za mtsinje, Dokotala osagwedeza khutu.

Zenzo Mpala sanagulitse Lameki Sibindi. Mu mgodi muja Lameki mulibe. Anabwerera ku Joni ndi malayitsha yemwe uja, kumeneko Lamekiyo ali ndi minibasi ziwiri, ndipo akudwala shuga.